Ndadulako Kansungwi Kanu Koyezera Petulo

Bambo a Fahad,

Ndathawira kwa achemwali ku Area 23, ndibwera mtima wanu ukatsika.

Musapite ku Biwi kukakalipira makaniko uja, sanakubereni petulo. Geji ya pikapu yanu inayamba kale kunama, n'chifukwa chake mumayeza mafuta ndi kansungwi ka mizere kaja kamakhala kuseri kwa mpando. Lachiwiri ndinakadulako kumunsi, kutalika ngati chikhatho basi, kuti ndizichirikizira windo la kukhitchini lomwe mwakhala mukuti mukonza chichokereni Ramadani. Ndiye dzulo mutapisa m'thanki, kanakuuzani kuti mafuta alimo ambiri pomwe munangotsala madontho.

Pepani kuti munakankha galimoto pa Kawale mutavala mkanjo wanu woyera wa Lachisanu, mpunga wa eni ake uli kumbuyo. Mukufotokoza, ndinangoluma mlomo kuti ndisaseke.

Ndakudulirani nsungwi ina yaitali, ili kuseri kwa chitseko. Khuthulani thanki, muzithira malita asanu asanu uku mukulemba mizere. Kachidutswa ka pawindo kasiyeni, kakugwira ntchito yanu.

Onama pakhomo pano tinalipo awiri, ine ndi geji. Ine ndaulula.

Zulaikha