Fenelo wa Kuseri kwa Thanki

Lolemba, 2 Seputembala

Sabata yachiwiri pantchito ya kumunda wa ndiwo zamasamba. Msana ukuwawa. Ndili pa miyezi itatu yoyesedwa. Ikatha, Madamu eni munda adzanena, kukhala kapena kupita. Okhala amapatsidwa chipinda pamzere wa antchito, kuseri kwa shedi. Kachipinda kakang'ono, koma ka chitseko ndi kiyi. Lero ndakayang'ana kawiri podutsa ndi wilibala.

Panopa ndikugona pabalaza kwa achemwali. Kuyala anthu akatha kucheza, kupinda alamu asanadzuke. Chaka chachiwiri tsopano.

A Kapitawo andipatsa bedi nambala 7, la fenelo. Mbewu imeneyi sindinaionepo chibadwire. Ena onse akana, akuti fungo lake silichoka m'manja. Pali amayi ena olongolola, timawatcha a Wailesi. Anati, "Mpatseni Kachetechete, sadziwa kukana ameneyo." Kachetechete ndiye ine. Onse anaseka. Nanenso ndinaseka pang'ono kuti zithe.

Lachiwiri, 3 Seputembala

Ndawokera mbande 240. Ndawerenga kawiri.

Mbandezo zakhalitsa m'mathireyi, a Wailesi akuti masabata asanu ndi awiri. Chinachake sichinandikomere. Fenelo ali ndi muzu umodzi waukulu, woyera, wolunjika pansi ngati wa karoti. M'thireyi unasowa kolowera. Wina unapindika n'kuzungulira, wina unatulukira pabowo la pansi. Ukazula, thyo. Ndimamva m'zala ukuduka.

Ndinkachita pang'onopang'ono, kukankha ndi kamtengo kuchokera pansi. A Kapitawo anaima kumbuyo kwanga. "Zula, bzala, zula, bzala! Ndi mwana wako ameneyo?" Ndinafulumira. Mizu yambiri yaduka.

Pepala la mbewu analitaya m'dzala. Munatsala njere 30. Zazitali ngati mpunga, zopindika pang'ono, zobiriwira mofuwirira, iliyonse timizere tisanu. Ndinatafuna imodzi. Kutsekemera, kenako kuzizira kukhosi ngati mankhwala a chifuwa. Zotsala 29 ndazifesa pansi penipeni, kuseri kwa thanki, pamene madzi amadontha. Sindinapemphe. Kaya ndi kuba kutola zotayidwa.

Loweruka, 21 Seputembala

Masiku ambiri osalemba, kupatula chiwerengero cha makeni othirira kuseri kwa pepala. Ndikafika manja amakhala atalema ndi keni.

Bedi 7: zafa 31, zatsala 209. Zinafota sabata yathunthu zisanadzuke.
Kuseri kwa thanki: zamera 26. Zinayamba kutuluka tsiku lakhumi. Timasamba tiwiri toyamba n'tatitali, topyapyala, ukhoza kuzula poyesa udzu. Kenako m'pamene pamabwera tsamba lenileni.

Tsamba lake silili ngati tsamba. Ndi timaulusi tokhatokha, kugawikana, kugawikananso, mpaka kuchepa ngati tsitsi. Mame amakhalapo mpaka dzuwa litakwera. Ndinabweretsa limodzi kunyumba. Achemwali anati, "Ameneyu si katsabola uyu? Akukunamiza ndi dzina lachizungu." Akufanana, inde. Koma katsabola alipo pabedi 3, ndinakafanizira. Fungo ndi losiyana, ndipo wa pabedi 3 alibe chotupa patsinde.

Alamu akuti pabalaza pakununkha chipatala. Ndasamba m'manja katatu.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kutentha. Makeni 14 m'mawa, 14 madzulo. Mpopi uli kutali, mapazi 62 kupita kokha.

Lero kukwezera dothi m'tsinde kuti mutu uyere. Ndinkayesa mutu wa fenelo ndi muzu, ngati mbatata. Ayi. Umakhala pamwamba pa dothi. Ndi mapesi a masamba amene amatambasuka kumunsi n'kukutirana, lina kumanja, lina kumanzere, lina kumanja, ngati manja ogwirana. Akanenepa ndiye mutuwo.

A pabedi 7 sakunenepa. Aphwatalala ngati chikhatho. Ndayeza khumi: zala ziwiri, ena zitatu.

Kunabwera a khuki a kuhotela imene imagula kwa ife. Bambo wonenepa, thukuta kamukamu. Akufuna mitu 200 pakati pa Novembala, uliwonse ngati chibakera. Anandionetsa chibakera chawo. A Kapitawo anati, "Musadandaule bwana, ndikuyang'anira ndekha." Madamu kulibe, anapita kukadwazika mayi awo.

Chipinda chachinayi pamzere chilibe munthu. Zenera lake lili ndi galasi losweka pakona. Ndikhoza kumata ndi katoni.

Lachisanu, 18 Okutobala

Zaipa.

Pakati pa mutu patuluka tsinde lolimba, lolunjika kumwamba. Dzulo 12, lero 47. Likatuluka limenelo mutu wasiya kukula, umayamba kulimba ngati nkhuni. A Wailesi anati, "Wathawira kumaluwa ameneyo, mwanawe. Ndiye kuti basi."

Ndinathyola limodzi kuti ndione. Losalala, la timizere, lobiriwira motuwa ngati lawazidwa phulusa. Lili ndi mfundo, pamfundo iliyonse tsamba lakumbatira tsinde. M'kati mwayamba mphako ngati bango.

A Kapitawo anakuwa anthu onse akumva. "Sumathirira iwe! Umangoima n'kumawerenga masamba!" Makeni 28 tsiku lililonse. Alembedwa m'kope muno, palibe tsiku ndinadumpha.  Ndinangoti pepani.

Pepani wa chiyani, sindikudziwa.

Lachitatu, 30 Okutobala

Bedi lonse lachita chikasu. Mwa 209, athawa 188. Ena andipitirira msinkhu.

Maluwa ake ali ngati ambulera imene mphepo yaitembenuza. Timitengo tochokera pamalo amodzi, ndawerenga 19 pa ina, 24 pa ina. Kunsonga kwa kamtengo kalikonse kaambulera kenanso, pamenepo ndiye timaluwa, tochepa kuposa mutu wa machesi. Kalikonse timasamba tisanu topindikira m'kati. Njuchi, mavu, tintchentche, phokoso tsiku lonse. Ndi zokongola. Ndikuchita manyazi kulemba choncho, poti ndi zomwezo zindichotsetse ntchito.

A Wailesi: "Kachetechete walima maluwa a ukwati wake, mwamuna yekha ndiye wasowa!" Koma masana anandigawira nthochi.

Kuseri kwa thanki 26 onse ali phee pansi. Afupi, masamba obiriwira bwino, mitu yoyera ikutupa. Zala zinayi. Palibe ngakhale mmodzi wathawa. Madzi omwewo, dzuwa lomwelo. Kusiyana kwake n'kumodzi, awa sanazulidwepo. Palibe amene amapita kumeneko, kuli matope.

Kunyumba alamu amva kale. A Kapitawo ndi mnzawo, amaonera limodzi mpira, ndipo ndi alamuwo anandipemphera ntchitoyi. Anati, "Mlamu, ine ndinagwada chifukwa cha inu. Musandivule pagulu." Achemwali ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Potsuka mbale anati, "Ikakanika, mng'ono wanga, ubwerere kaye kwa amayi. Mwana akabadwa malo achepa." Ananena mofatsa. Zinawawa chimodzimodzi.

Lachiwiri, 12 Novembala

A khuki abwera ndi mabasiketi, abwerera ndi mabasiketi. Anafinya mutu umodzi nati, "Izi ndi nkhuni, ndiphikire chiyani?" Madamu anafika dzulo. Anayenda bedi lonse manja kumbuyo. Lachisanu tikaonekere kushedi, ine ndi a Kapitawo.

Ndinamva a Kapitawo akuwauza pafupi ndi galimoto: "Mtsikanayu ndi waulesi, analekerera bedi liume. Ndinamulemba pomvera chisoni abale ake."

Ndayeserera zokanena. M'bafa, chapansipansi. Madamu, si madzi, ndi muzu. Mawu asanu okha. Koma pamaso pawo kaya ndidzatha kuwanena. Kusukulu zinali chomwechi. Yankho ndikulidziwa, dzanja osakwera.

Ndipo ndikanena, ndiye kuti ndaloza a Kapitawo. Ndikaloza a Kapitawo ndaloza alamu. Ndimadya m'nyumba mwawo.

Mutu ukuwawa. Nsapato yakumanzere yang'ambikanso.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndinalawirira anthu asanafike. Ndinafuna kutsimikiza, mwina ndikungodzinamiza.

Ndakumba asanu pabedi 7, mozungulira, mosamala kuti ndisadule kanthu. Onse asanu chimodzimodzi. Muzu waukulu ndi wamfupi, chala chimodzi, pothera pake chipsera pamene unadukira. Pamenepo pamera timizu tambiri topiringizana ngati ndevu. Awiri akadali opindika mozungulira, monga momwe anakhalira m'thireyi muja.

Kenako mmodzi wa kuthanki. Ndinakumba, kukumba, dzanja kulowa mpaka m'chigongono. Muzu umodzi, woyera, wowongoka, wosaduka. Kutalika kuyambira nsonga ya chala mpaka chigongono n'kupitirira. Mutu wake wolemera, wolimba, woposa chibakera cha a khuki.

Ndawatsuka onse pampopi. Ndawakulunga m'thumba lonyowa, ndabisa pansi pa thanki.



Lachisanu, 15 Novembala

Ndilembe mwadongosolo ndisanaiwale.

Kushedi. Madamu pampando, tebulo la sikelo patsogolo pawo. A Kapitawo anayankhula nthawi yaitali, za ulesi, za ana a masiku ano. A Wailesi ankasesa pakhomo pamene panali posesa kale.

Madamu anati, "Nanga iwe ukuti bwanji?" Ndinatsegula pakamwa. Palibe chinatuluka. Mawu asanu aja anathawa onse.  A Kapitawo anati, "Mwaonatu, alibe choyankha."

Ndinatuluka osatsanzika. Ndikuganiza anayesa ndathawa. Ndinakatenga thumba lija, ndinabwera, ndinayala patebulo. Asanu a mizu yoduka kumanzere, mmodzi wa muzu wautali kumanja. Ndinawalinganiza mitu kuti mizu ioneke bwino. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana pansi.



Madamu anavala magalasi. Anagwira chipsera chilichonse ndi chala. Ananyamula wamkuluyo, kumuyeza m'manja, kumununkhiza. "Uyu wachokera kuti?" Ndinaloza kuthanki. Tinapita tonse, nsapato zawo zabwinozo m'matope. Anawerenga okha, 25. Anafunsa a Kapitawo kuti ndani ananena kuti fenelo afesedwe m'mathireyi, nanga anakhalamo masabata angati. A Kapitawo anayamba kufotokoza kuti kabichi amafesa chomwecho. Madamu anati, "Sindikufunsa za kabichi."

Kenako kwa ine: "Unamuthirira kangati wa pabedi 7?" Apa mawu anatuluka, aang'ono. Ndinati zonse ndinalemba. Anati, "Lolemba ubwere nalo kopelo."

A Wailesi potuluka ananditsina pamkono. "Iwe, ng'ombe yachete ndiye imagunda!"

Lamulungu, 17 Novembala

A Kapitawo anabwera dzulo. Sanalowe, anayankhulana ndi alamu panja. Kuyambira pamenepo alamu sakundiyankha moni. Pachakudya anauza khoma kuti, "Ena ukawathandiza amakuluma dzanja." Achemwali maso m'mbale.

Sindinanene bodza. Sindinanene n'komwe kanthu. Koma m'nyumba muno mwazizira.

Tsopano kopeli. Ndaliwerenga lonse. Makeni alimo, masiku alimo. Koma mulinso za pabalaza, za alamu, za chipinda chachinayi ndi katoni wa pazenera. Manyazi. Ndinaganiza zong'amba masamba ena, koma kuseri kwa tsamba lililonse kuli manambala. Kukopera m'kope lina, adzaona inki yatsopano, adzati ndapeka dzulo.

Lipita momwemu. Ndangofufuta dothi pachikuto.

Lachitatu, 20 Novembala

Kope labwerera lero. Masiku awiri ndinalibe polemba, manja ankasowa chochita.

Madamu sananene ngati anawerenga zonse. Anangoti mabedi 7, 8 ndi 9 ndifese ndekha, pansi, nyengo ikazizirako, ndipo a pabedi 7 ndisawazule mpaka njere zikhwime, tidzakolole mbewu yathu. Mitu 25 yapita kuhotela. Ndi yochepa, a khuki akadali okwiya. A Kapitawo akadali a Kapitawo. Sakundiyang'ana. Mawa ndi mawa ndidzakumana nawobe.

Nditatsegula kope, pa tsamba la 9 Okutobala panali kiyi womangidwa kachingwe. Pansi pake, ndi cholembera chawo chofiira: "Galasi tikonza. Usamate katoni."

Ndiye kuti anawerenga zonse. 

Ndasamuka poweruka. Katundu ulendo umodzi wa wilibala. Alamu kunalibe. Achemwali anali chigonere, anati miyendo yatupa, sanatuluke. Ndinatsanzika pakhomo la kuchipinda kwawo, anayankha "Chabwino" basi. Ndowa yanga ndaiwala komweko. Sindibwerera kukatenga.

Muno mulibe kanthu. Mphasa, chikwama, msomali umodzi pakhoma. Ndapachikapo ambulera imodzi ya fenelo, njere zake zayamba kuuma, iliyonse ikugawika pawiri. Dzuwa likadalipo pazenera. Ndayala masana ano ndipo palibe woti ndimupindire. Ndakhoma chitseko, ndatsegula, ndakhomanso. Ndimayesa ndisangalala kwambiri. Ndangotopa.

Wina akuti odi panja. Kulira kwa ndowa. Mawu ngati a achemwali, akupuma movutikira, ayenda mtunda wonsewo ndi mimba ija. Akutinso odi. Pakhomo panga. Sindinayankhepo odi chibadwire, kaya ndiyambe ndi chiyani. Ndikatsegule kaye.