Bambo Amalankhula ndi Kamera Yako

Bairo 25 de Setembro, Moatize
19 Novembala 2023

Wokondedwa mlongo wanga Gilberto,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kumeneko ku Beira, pamodzi ndi mulamu wanga Nádia ndi ana. Chifuwa cha Samito chija chinaleka? Ife kuno tilipo. Alamu ako a Artur akupitabe ku mgodi, ndipo bambo ali bwino, kungoti mapazi akadali otupa pang'ono.

Usadabwe kuti ndalemba papepala pamene timalankhulana pa telefoni kawirikawiri. Pali zina zimene pakamwa pamakana kutulutsa iwe ukumva. Ndapatsira a Fábio oyendetsa lole ya ku doko aja. Uwerenge uli wekha.

Choyamba, zikomo chifukwa cha kamera ija. Zikomo ameneyu ndikumunena ndi manyazi, pakuti tsiku lomwe inafika sindinakondwere. Ndinauza alamu ako kuti ndinapempha mlongo wanga abwere adzandithandize kusamala bambo, iye wanditumizira diso la pulasitiki. Ndinali nditatopa, Gilberto. Chimwalirireni mayi, bambo akungoiwalaiwala. Amatuluka pageti osadziwa kobwerera, ine ndili ku merikado kugulitsa.

Paja tinakangana posankha. Ine ndinkafuna ija yaing'ono ya mu loja, sitolo ya pafupi ndi siteshoni ija. Iwe unati imeneyo imangoonetsa za nthawi yomweyo, neti ikatha sisunga kanthu. Unaumirira ya kakartau kosungira zithunzi m'kati mwake, yokhala ndi batire, yomvanso mawu. Ndinakufunsa kuti mawuwo ndi a chiyani, kodi tikufuna kumvera nkhuku? Unangoseka.

Tsopano imva zimene ndinakubisira.

Sabata yoyamba telefoni yanga inkalira osapuma. Mbuzi ikadutsa, kulira. Lole ya malasha ikadutsa pamsewu, kulira. Ngakhale mthunzi wa mtengo wa mango ukagwedezeka. Unandiuza kuti ndilowe mu pulogalamu ija ndizungulize ndi chala malo a pageti pokha, kuti izindichenjeza munthu akadutsa pamenepo basi. Ndinati ndachita. Sindinachite, ndinangozimitsa machenjezo onse.

Ndipo pamene unadandaula kuti pa telefoni yako sipakuonekanso kanthu, ndinati ndi vuto la neti. Linali bodza. Ndinasintha senya, mawu achinsinsi olowera aja. Sindinkafuna kuti uzindiyang'ana pakhomo panga uli ku Beira, ngati kapitawo.

Lachiwiri limene bambo anasowa lija, ndinachoka m'mawa nditawasiyira bambo tiyi pakhonde, ndi kuwapempha a Noémia oyandikana nafe kuti aziwasuzumira. Nditabwera masana, mpando uli wokha. A Noémia anati ankayesa agona m'nyumba. Tinafunsa ku tchalitchi, ku chipatala, tinatsata njanji mpaka miyendo kuwawa. Sitima ya malasha itadutsa ndinakhala pansi pafumbi, poganiza kuti mwina anali kutsogolo kwake.

M'pamene ndinakuimbira. Zikomo kuti unasiya ntchito n'kukhala nane pa telefoni nthawi yonse ija. Ndinayang'ana zithunzi za m'mawa wonse, bambo osaoneka, ndipo ndinayamba kutukwana kamerayo. Iwe sunakweze mawu. Unandifunsa kuti magetsi anazima liti komaliza. Nditati Loweruka anazima tsiku lonse, unati ndiye kuti batire inatha ndipo wotchi yake inasokonekera, ndisiye kukhulupirira manambala, ndiziyang'ana mthunzi wa geti kuti ndidziwe m'mawa. Unafunsanso kuti galasi lake ndinalipukuta liti. Ndinali ndisanalipukutepo. Linali ndi fumbi la malasha la mwezi wathunthu, zithunzi zili mbuu ngati chifunga cha kwathu ku Zóbuè.

Komabe ndinawapeza pa zithunzipo. Ndinangokuuza kuti ndawaona, apita ku Zóbuè, n'kudula telefoni. Sindinakuuze kuti ndinadziwa bwanji.

Anatuluka m'nyumba atavala jekete la ku tchalitchi, khasu lili paphewa. Sanapite molunjika kugeti. Anaima pansi pa kamera, anavula chipewa, n'kuyang'ana m'mwamba. Nkhope sinkaoneka bwino, koma mawu anamveka onse. Anati, "Gilberto mwana wanga, ine ndapita kumunda. Mvula yayandikira ndipo mizere sinakonzeke. Uwauze a mana ako, alongo ako aja, asadandaule, ndibwera ndikamaliza. Asakwiye."

Kenako anatuluka, anatseka geti bwinobwino ndi kumanga kawaya kake, n'kulowera kokwerera shapa, maminibasi athu aja.

Mawu omwe ndinkati ndi a nkhuku aja ndi amene anatipezera bambo.

Ndinaimbira azakhali a Catarina ku Zóbuè nthawi yomweyo. Anapita okha kumunda wakale uja wa kumtunda kwa tchalitchi, umene bambo anaswa mphanje chaka chomwe tinabwerera kuchokera ku Malawi, iwe uli kumsana. Anawapeza komweko dzuwa litapendeka, jekete atalipachika pachitsa, ataunda mizere itatu yowongoka ngati ayeza ndi chingwe. Azakhali akuti bambo anawazindikira, anawatchula ndi dzina, n'kuwafunsa kuti abweretsa mbewu kapena ayi. Woyendetsa shapa anali mwana wa komweko wowadziwa, ndiye anawatsitsa pamalo pake penipeni. Mulungu amuone munthu ameneyo.

Titabwera nawo kunyumba, ndinakhala pansi kuti ndione zonse zimene zinali pa kakartau kaja. Kamasunga za masabata awiri.

Gilberto, bambo amalankhula nawe m'mawa uliwonse. Tsiku lomwe ankakhomerera kamerayo pakhoma, alamu ako anawauza mocheza kuti ili ndi diso la Gilberto. Masiku ena dzina langa amaliiwala, koma chimenechi anachigwira. Akamwa tiyi amapita pansi pake n'kukupatsa moni. Amakuuza kuti mbuzi ya a Noémia yabereka, kuti fumbi la kuno likuwayabwa m'maso, kuti mayi achedwa kubwera kuchigayo. Akatero amaima kanthawi kudikira kuti uyankhe, kenako amagwedeza mutu n'kubwerera pampando. Masiku onsewo iwe sunkamva kanthu chifukwa cha senya yomwe ndinasintha ine.

Ndinadzionanso ndekha. Lolemba, kutatsala tsiku limodzi kuti achoke, bambo ankakumba pabwalo pafupi ndi paipi ya madzi. Ndinaona mkazi akutuluka m'nyumba mothamanga, akuwalanda khasu, akuwaloza chala kumaso. Ndinamva mawu anga ndikuwauza kuti kuno kulibe munda wawo, akhale pansi ngati anthu ena, andileke ndipume. Sindinkadziwa kuti mawu anga amamveka choncho. Bambo anangoima manja ali lende. Ine nditalowa m'nyumba, anatembenukira ku kamera n'kunena motsitsa mawu kuti, "Watopa mwanayu, usamudzudzule."

Ndinaonera kamodzi kokha pamenepo. Sindingathenso.

Nditaonera zimenezo, m'mawa mwake ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kupepesa. Sanakumbuke chilichonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa ndani ndipo wandiliza ndani. Nditati ndine Ermelinda wawo, anati ndiye ndileke kulira, anthu angaganize kuti pakhomo pano sitidya.

Zonse unandiuza zija ndachita tsopano, ndipo ulendo uno ndi zoona. Galasi ndikulipukuta ndi kansalu kofewa Lachitatu ndi Lamlungu. Malo a pageti ndazunguliza, ndipo telefoni ikulira pokhapokha munthu akadutsa. Wotchi ndaikonza, magetsi akabwera ndimayamba ndaiona kaye. Senya ndabwezera yakale ija unaika iwe. Lowa nthawi ina iliyonse, pakhomo pano ndi pakonso. Kuseri kwa nyumba ndawasiyira bambo kamalo koti azilima, kutali ndi paipi.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Bwera mu Disembala, ngakhale masiku anayi okha, tikawaperekeze ku Zóbuè akabzale. Azakhali ati mizere itatu ija salola munthu kuikhudza. Kamera yatithandiza kwambiri, koma singawagwire dzanja pokwera shapa, ndipo ine ndekha sindingathe.

Chachiwiri n'chaching'ono. Alamu ako andionetsa kuti mu pulogalamu muja muli kabatani koti ukadina, mawu ako amatulukira pa kamera. Bambo amabwera pamenepo dzuwa likangofika pakhonde, nthawi yomwe iwe umakhala ukukonzekera za ku ntchito. Uziwayankha. Uyambe pang'onopang'ono kuti asadzidzimuke, ine ndidzakhala pambali pawo tsiku loyambalo.

Akakufunsa za mayi, usawauze kuti anamwalira. Ine ndinawauza katatu, ndipo katatu konse analira ngati akumva koyamba. Ungoti uwapatsira moni.

Undiperekere moni kwa mulamu wanga Nádia, ndipo Samito ndi Aurora uwauze kuti agogo awo akuwadikira. Alamu ako a Artur ndi a Noémia akupereka moni. Ambuye akusunge pa ntchito yako ya ku dokoko, akubwezere zabwino zonse wandichitira ngakhale ndinkakunamiza. Undikhululukire, mlongo wanga.

Ndine mlongo wako,
Ermelinda Constantino