Pikapu ya Bambo a Mercy

Lolemba, 8 Julaye 2024

Chisanu. Kachewere takumba, matumba ali pakhonde, chonyamulira palibe. Pikapu yomwe anandisiyira malemu amuna anga, bambo a Mercy, yayamba matenda. M'mawa imalira bwinobwino. Ukayenda pang'ono, pachitunda yayamba kutsokomola, kenako zii. Ukaidikira, yadzuka ngati sinalakwe kanthu.

Alamu anga a Herbert ndiwo akhala akuiyendetsa chimwalirire achimwene awo. Lero akuti yakalamba, tigulitse, munthu wa ku Zalewa abwera Lolemba likudzali kudzaiona. Eti mayi wamasiye ndi galimoto yodwala n'kudziputira mavuto. Mwina akunena zoona. Koma ine sindikufuna, basi. Ndawapempha kuti ikachira sabata ino, nkhani yogulitsa ithere pomwepo. Avomera, uku akuseka.

Lachitatu, 10 Julaye

Lameck, makaniko wa pa boma, wabwera pa njinga yamoto. Akuti mafuta sakufika ku injini ndi mphamvu yokwanira. Watsegula fyuluta yosefa mafuta: yakuda bii, pansi timadzi. Dizilo wa m'zigubu ameneyu. Waika yatsopano, wapopa mpaka thovu lonse kutha.

Tayesa msewu wa ku Magaleta, iye pachiwongolero. Ine mumtima nyimbo ndinali nditayamba kale. Titangowoloka kamlatho, zii.

Takhala pamwala n'kumadya nzimbe. Lameck pakamwa sipamuvuta, eti mawa ndiye mawa.

Lachinayi, 11 Julaye

Mawa lija ndi lero. Mapaipi onse wawatsata chogona chagada, kuyambira ku thanki mpaka ku injini. Imodzi inali ndi kamng'alu, wasintha. Pampu yaing'ono akuti ilibe mlandu. Yazimanso pamalo omwe aja, ngati pali wina amaiimitsa pamenepo.

Tsopano wayamba kutchula pampu yaikulu, yoti kukaikonza mpaka ku Blantyre.

Mercy waimba foni kuchokera kusukulu, kufunsa ngati potsekera ndidzamutenge pa galimoto ya adadi ake. Ndati tiona. Ndalirako pang'ono kuseri kwa nkhokwe, kenako ndakatsekera mbuzi.

Loweruka, 13 Julaye

Dzulo sindinalembe. Panalibe cholemba.

Lero itazimanso, Lameck anati mwina m'thanki muli zinyalala, tiitsitse titsuke. Iye analowa pansi ndi masipanala, ine ndinapita kukatsegula pothirira mafuta. Chitsekerero palibe. Pali jumbo yopinda kangapo, yomangidwa ndi mphira wa chubu, ndi ndi ndi. Nditamasula, thanki inakoka mpweya, fyuu, ngati munthu wovuuka m'madzi.

Lameck anatuluka pansi paja atagwira pakamwa. Akuti chitsekerero chenicheni chimakhala ndi kabowo kopumira. Popanda kameneko, mafuta akamachepa m'thanki pampu imakoka mpaka kulephera. Galimoto ikaima, mpweya umalowa pang'onopang'ono, ndiye kudzuka kuja. Sabata yonse takhala tikuchiza mimba, wodwala atatsekedwa mphuno.

Ndafunsa a Herbert. Akuti chitsekerero chinabedwa tsiku la maliro, pamodzi ndi dizilo yemwe anali m'thanki. Iwo n'kumanga choncho kuti fumbi lisalowe, ndipo sanandiuze poti ndinali ndi zolira zokwana kale. Pothira mafuta amamasula, akatha n'kumanganso mwamphamvu kuposa poyamba. Ndinafuna kukwiya, zinakanika. Ndinawamvera chisoni, bambo wamkulu kuyang'ana pansi choncho.

Lameck wapeza chitsekerero chakale m'bokosi lake. Magaleta kupita ndi kubwera, osatsokomola ngakhale kamodzi.

Lolemba, 15 Julaye

Wa ku Zalewa uja anafikadi, nsapato zonyezimira. A Herbert anamulandira, kumumwetsa tiyi, n'kumuuza kuti katundu sakugulitsidwanso. Atachoka, tinakweza matumba. Ndimati a Herbert ayendetsa monga mwa masiku onse, koma anandiika makiyi m'manja.

"Mlamu, kachewereyu akudikira inu. Ine lero ndili kudimba."

Ndinalowa ndekha. Laisensi ndili nayo, anandiphunzitsa amuna anga, koma chichokere iwo mbali ya pachiwongolero sindinakhaleko. Mwendo sunafike pa kilatchi. A Herbert ndi aatali ngati achimwene awo, mpando sanaukhudzepo. Unali pomwe anausiya bambo a Mercy.

Ndinakhala kaye, injini ikulira. Kenako ndinausunthira kutsogolo.