Zigawenga Zikanasochera Njira

Lolemba, 3 Juni 2024

Amayi athawanso. Kachitatu tsopano. Wakabaza wawapeza kuseri kwa msika wa Thambani, kathumba pamutu, akuti akupita kwawo ku Mozambiki kukaphikira amuna awo a Constantino. A Constantino amene zigawenga zinawapha mu 1987, ine ndisanabadwe! Kuchipatala akuti ndi matenda oiwala, mankhwala ake palibe. Chabwino. Koma mayi anga sakafera kutchire ine ndili moyo.

Lachitatu, 5 Juni

Ndanama, ndipo manyazi ndilibe. Ndawauza kuti zigawenga zija zinasochera njira, zinadutsa kutali ndi mudzi. Nyumba sizinapse. A Constantino alipo, anthu anawasankha kukhala mlembi wa chipani, ali kumsonkhano ku Tete, abwera Loweruka. Kuseka kwake mpaka misozi! "Ndinkadziwa ine, bambo aja kulankhula ngati wailesi." Adya mbatata ziwiri. Pakhomo sanachoke.

Lamulungu, 9 Juni

Loweruka ladutsa, ndati msonkhano awonjezera masiku. Bodza likufuna linzake tsiku ndi tsiku. Ndawauzanso kuti nkhondo inatha msanga. Palibe anathawa. Julieta, khanda lawo lomwe linapsera m'nyumba tsiku lija, ndamukuza ndekha, pano ndi namwino ku Tete komweko.

Mlongo wanga Melvin waimba foni ali ku Blantyre: "Iness, ukusewera ndi mizimu." Aaa, iyeyo! Abwere adzawasake yekha m'mapirimu aone. Nzeru zimachuluka ukakhala kutali.

Lachisanu, 14 Juni

Ndikuwasendera manachesi pakhonde, andiyang'anitsitsa. "Kodi mayi inu, ndinu a kwa yani?" Ndati ndine Iness, mwana wanu, bambo anga malemu a Jailosi. Akuti Jailosi sakumudziwa, iwo mwamuna wawo ndi mmodzi basi.

Sakunama. Popanda moto uja sakanawoloka malire, sakanakumana ndi bambo anga kumsasa wa othawa nkhondo. M'dziko ndawamangirali ine mulibemo. Ndadzifufuta ndi manja anga omwe, chitsiru ine. Zandiwawa. Zandiwawa kwambiri.

Mawa ndiwauza zoona, zivute zitani.

Loweruka, 15 Juni

Ndawauza. Zonse. Mfuti, moto, ulendo wapansi wa masiku anayi. Kenako kulira kwake, ngati maliro achitika lero. Aneba mpaka kuthamangira kuno. Ali mkati molira andigwira dzanja: "Iness mwana wanga, ndinamusiya m'nyumba, ndinamusiya!"

Dzina langa. Ndimalifuna, ndalipeza.

Lachiwiri, 18 Juni

Masiku atatu osadya. Phala, nthochi, tiyi, zonse kukankha. Kugona choyang'ana khoma. Chomwe chikuwaliritsa aiwala kale, koma kulirako sikukutha. Dzulo powasambitsa ndinawanyamula ngati mwana, kupepuka kwake ndinachita mantha.

M'mawa uno ndavala bulauzi yanga yoyera ya kutchalitchi, ndatenga chikwama, ndazungulira kuseri. Odi pakhomo panga pomwe, ngati mlendo. Ndati ndangofika kumene kuchokera ku Tete, ababa akupereka moni. Adzuka okha, osawagwira.

"Julieta! Wanenepatu!"

Ndati inde amayi, ku Tete tikudya bwino. Mbale ya phala yatha yonse, apempha ina.

Melvin akubwera Lachinayi. Ndamuuziratu kuti pamaso pa amayi asadzanditchule dzina.