Kompyuta Ikukana Nsomba Zanga

Lolemba, 8 Malichi 1999

A Lenard, otilembera mapulogalamu, aika tesiti yawo mu kompyuta ya ku ofesi yathu ya kafukufuku wa nsomba. Pulogalamu imodzi yokha, koma imayesa chilichonse: rekodi ya nsomba, ya bwato, ya ukonde. Imatenga zimene ndinataipa ine n'kufananitsa ndi zimene anataipa iwo kuchokera pa mafomu omwewo a kugombe. Masekondi atatu, ntchito yanga ya miyezi iwiri yaonedwa yonse. Ndinangoti kukamwa yasa.

Kenako yalemba kuti marekodi onse 412 ndi osiyana. Onse.

Lachiwiri, 9 Malichi

Abwana akuti zikapanda kukonzeka pofika Lachisanu aitana wina wa ku Lilongwe adzataipe. Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndafananitsa ndi maso mpaka 200. Chambo, masentimita 23, Senga Bay. Kwa a Lenard chimodzimodzi. Ndiye yaona chiyani chimene ine sindikuona?

Lachitatu, 10 Malichi

Ndafunsa a Lenard ngati ndinasintha china mwangozi. Akuti sizingatheke. Marekodiwa anawapanga kuti akangolembedwa asasinthikenso. Ukafuna kukonza, pamabadwa yatsopano, yakale imakhala momwe inalili. Ndayesa kusintha 23 kukhala 24. Yakana! Munthu kupanga chinthu, n'kudziletsa yekha kuchikhudza. Ndaganiza zimenezi m'minibasi mpaka kupitirira siteji yakwathu.

Lachinayi, 11 Malichi

Andilola kuwerenga tesiti yawo nthawi ya nkhomaliro. Mizere 30 basi. Zambiri sindikumva. Pa mzere wofananitsa pali ==. Ndawafunsa kuti kachizindikiroka kamafunsa chiyani. Akuti kamafunsa ngati ziwirizo ndi chinthu chimodzi.

"Chimodzi, kapena zofanana?" ndinatero. "Yanga ndi yanu ndi marekodi awiri. Zam'kati ndiye zikufanana."

A Lenard anayang'ananso mzere uja. Kenako: "A Hajara, tabwerezani."

Ndinabwereza. Anagwira mutu. Akuti pa manambala wamba == imagwira bwino, n'chifukwa chake sanakayikire. Ankayesa kuti zinthu zosasinthika zikafanana, kompyuta imazisunga pamalo amodzi. Ayi, izi inasunga pawiri, ndipo tesiti imangoyang'ana malo, osati zam'kati. Ndiye kuti makinawa sananame. Anayankha ndendende zimene anafunsidwa.

Lachisanu, 12 Malichi

A Lenard achotsa ==, aika lamulo lofananitsa lotchedwa equals, n'kuuza mtundu uliwonse wa rekodi mmene ungafananitsire zam'kati mwake. Zofanana 409. Zosiyana zitatu: ziwiri ndinalakwitsa ine, imodzi iwo. Yapeza ngakhale pamene ndinataipa "utka" m'malo mwa "utaka". Alhamdulillah.

A Lenard apita okha kwa abwana kukanena kuti vuto linali m'tesiti yawo, ndipo walipeza ndine. Wa ku Lilongwe sabweranso.

Lolemba, 15 Malichi

Ndafika, a Lenard anyamuka pa mpando wawo. Akuti tesiti ya mafomu a usipa ndilembe ndine, iwo azingoyang'ana. Ndakhala pansi. Sikirini yopanda kanthu, kamzere kakuphethira pakona. Ndaika zala pa mabatani. Ndataipa mzere woyamba.