Sari ya malemu madamu ili m'sutikesi mwanga

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Nsanje, koma ndakhala kuno ku Joni kuyambira 1998. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja la Amwenye, a Phadke, pa flati ina ku Arcadia. Iwo amati ndi Amarathi, ndipo chaka chawo chatsopano chimabwera mu Malichi kapena Epulo. Amachitcha Gudi Padwa.

Tsikulo madamu ankandilawiritsa. Tinkatenga nsungwi, kunsonga kwake n'kumangirira sari yobiriwira ya silika (nsalu yaitali imene amayi a Chimwenye amavala), masamba a nimu ndi a mango, pamwamba n'kuvundikira kachikho ka mkuwa. Kenako tinkaiimika pakhonde kuti dzuwa likamatuluka liipeze. Madamu anali aafupi, choncho mfundo yapamwamba ndinkamanga ndine, iwo akulozera ndi chala. Tikatha aliyense ankatafuna nimu wosakaniza ndi shuga. Chaka choyamba ndinaseka, ndinati kwathu kuchigwa nimu ndi wa malungo, si wa chikondwerero. Anandiyankha kuti chaka chimabwera ndi zowawa ndi zotsekemera zomwe, bola lilime lidziwiretu.

Sariyo inali ya amayi awo. Kumapeto kwake kuli mbalame za pikoko zolukidwa ndi ulusi wagolide. Sichapidwa ndi madzi, sidulidwa. Tinkangoiyanika mumthunzi, kuipinda mwatsopano kuti isathetheke m'mizere, n'kuikulunga m'nsalu yoyera.

Mayi anga atamwalira mu 2002 sindinathe kupita kumaliro. Madamu anandipeza ndikulira kuseri kwa makina ochapira. Anakhala nane pansi pomwepo mpaka miyendo inawachita dzanzi.

Kumayambiriro kwa chaka chatha khansa inawagoneka. Tsiku lina masana, abwana ali kuntchito, anandituma kuti nditulutse sari ija. Anaiika pamiyendo panga n'kunena kuti, "Tenga. Ketaki akuti izi ndi zachikale. Iwe manja ako akuidziwa." Ketaki ndi mwana wawo mmodzi yekhayo. Nthawiyo anali ku Cape Town, atayambana ndi mayi ake pa nkhani ya mwamuna. Ndinakana, koma anandikakamiza. M'chipindamo munalibe wina. Patapita milungu yochepa anatisiya.

Pakhomo pawo saimika nsungwi nyumba ikadali pachisoni, choncho chaka chatha pakhonde panali pululu. Chaka chino Ketaki wabwerera kudzakhala ndi bambo ake, ndipo akufuna aimike yekha koyamba. Wakhuthula makabati onse. Lachiwiri ndinamupeza atakhala pakati pa zovala za mayi ake, maso ali psuu. Anandifunsa kuti, "Anti, sari yobiriwira ya Aai munaiona?" Aai ndiye kuti amayi. Ndinangoti ndiyang'ana.

Aphungu, sariyo ili m'sutikesi mwanga ku Sunnyside. Ndikanena kuti anandipatsa, ndani akhulupirire wantchito? Abwana ndi munthu wabwino, koma chinthu chamtengo chikasowa m'nyumba tonse timadziwa amene amayamba kuyang'anidwa. Upile, mnzanga amene timagona chipinda chimodzi, akuti, "Eish, asisi, ingoiponyani kuseri kwa kabati, mawa muitole ngati mwaipeza. Mukufuna akuitanireni apolisi?"

Mwina akunena zoona. Koma ndikatero ndiye kuti madamu sanandipatse kanthu, ndiye kuti masana aja sanachitike. Komanso, ndisakubisireni, mtima wanga sukufuna kusiyana nayo. Ndilibe ngakhale chitenje chimodzi cha mayi anga, achibale anagawana ine kulibe. Nsalu iyi ikadali ndi fungo la munthu amene analira nane.

Chikondwererocho chili kumapeto kwa mwezi uno. Nditani?

D.K., Sunnyside, Pretoria


Mayi D.K.,

Pepani kwambiri. Ndikuona kuti mukulira anthu awiri m'nsalu imodzi, n'chifukwa chake ikulemera chonchi.

Simunabe. Munapatsidwa ndi mwiniwake ali ndi nzeru zake zonse. Gwirani zimenezo, chifukwa mukalowa m'nyumbamo mutazolika ngati wolakwa, adzakuonani ngati wolakwa. Chimene chingakupwetekeni ndi kuchedwa. Munati muyang'ana, ndipo mwanayo akudikira. Mukakhalitsa chete, choonadi chanu chiyamba kumveka ngati bodza lokonzekera.

Mawa lomwe inyamuleni sariyo m'nsalu yake yoyera ija, osati m'jumbo. Pemphani bambo ndi mwana akhale pansi onse awiri, kuti pasadzakhale wina womva nkhaniyi kwa mnzake. Fotokozani mmene zinayendera: madamu anagona pati, anakutumani chiyani, inu munakana bwanji. Nenaninso kuti Lachiwiri lija munachita mantha. Ngati mukuopa kuti zingafike poipa, dziwitsani kaye munthu wamkulu wa kumpingo kwanu musananyamuke.

Mawu akuti Ketaki amati n'zachikale musayambe nawo. Mayi anawalankhula ali pa ululu komanso atakhumudwa, ndipo mwanayo alibenso mwayi wokapepesa. Akafunsa chifukwa chimene anapatsira inu, muuzeni kuti mayi ake ankafuna nsaluyo ikhale m'manja oisamala. Limenelo si bodza.

Tsono pano ndi pamene pakuwaweni. Sariyo muipereke. Madamu anakupatsani poganiza kuti kumtundu kwawo kulibe woifuna, koma woifunayo wabwera, ndipo akuifunafuna ndi misozi. Inachokera kwa agogo ake. Ntchito yake ndi kukwera pansungwi chaka ndi chaka, osati kugona m'sutikesi mpaka chinyezi chiidye. Mwaisunga bwino chaka chathunthu. Ndikukhulupirira kuti madamu akanamuona mwana wawo atakhala pakati pa zovala zija, akanakutumaninso iwo eni kuti mukaitenge.

Simutsala chimanjamanja. Ketaki sadziwa kamangidwe kake, inu mumadziwa. Muuzeni kuti mudzamuthandiza m'mawa wa tsikulo, ndipo mumuphunzitse kapindidwe kake. Zinthu zikakhazikika, pemphani kanthu kena ka madamu, kaya mpango kaya chithunzi. Munthu amene anawadwazika mpaka kumapeto sachita manyazi kupempha zotere. Ndipo mukadzapita ku Nsanje, kaoneni manda a mayi anu. Maliro amenewo simunawamalize.

Sindingakulonjezeni kuti akukhulupirirani nthawi yomweyo. Mwina pakhala masiku ozizira. Koma nzeru ya Upile muisiye, ngakhale wanena pokukondani. Ketaki wakhuthula makabati onse, kuseri kwake akukudziwa. Sari yotulukira yokha pamalo amene anafufuzapo kale idzaloza inu, ndipo pamenepo simudzathanso kunena kuti munapatsidwa. Ntchito mwina mudzakhala nayo, koma muzidzasesa nyumba imene makiyi amabisidwa inu mukalowa.

Aphungu