Galu wa kwa Matelala Tamuzula Mano

Achimwene,

Ndayamba ndi moni. Kaya bondo lija likukulolani kuyenda? Nanga alamu anasiya kutsokomola? Ife kuno tili bwino, kungoti kutentha kwafika poti munthu umasamba n'kuyambanso thukuta usanavale malaya. Diso langa lija madokotala analikonza, tsopano ndikuona ngakhale nyerere. Muwerenge modekha, zilembo zanga mukuzidziwa, zimatsamirana ngati mpanda wakale.

Nkhani ndi ya mwana wanu, mtsikana wanga amene ndikukhala naye kunoyu, yemwe uja munkamuuza kuti magetsi si ntchito ya mkazi. Kwa bwana wake ankangomugwiritsa makwerero, amuna ali pamwamba, ndiye anatsanzika kuti akaime payekha. Koma ntchito sinkabwera. Anthu akamuona ndi chikwama cha zipangizo ankamufunsa kuti amisiri ake afika nthawi yanji. Anayamba kunena zobwerera kumakwerero.

Kenako anamuitana kwa matelala. Ndi nyumba yaitali ya malata, mmene amayi amasokeramo mayunifolomu. Ali ndi makina oziziritsa, aja amati eyakoni. Mbali ina ili m'kati, ina ili panja kuseri, chibokosi chachitsulo chokhala ndi chokupizira mphepo. Chapanjacho anachitcha Galu, chifukwa chinkaluma. Telala wina atayanikapo nsalu yonyowa chinamugwetsa chagada, ndipo kuyambira pamenepo anachizimitsa, anthu n'kumasoka akupsa. Mayi mwini malowo anauza mwanayu kuti akamuzula mano Galuyo, magetsi a nyumba yonse akhala m'manja mwake. Akalephera, aitana bwana wake wakale uja.

Ndinamuperekeza. Anayamba wazimitsa magetsi pabokosi lalikulu, n'kuyeza kuti azimadi, kenako anatsegula mimba ya Galuyo. Anafufuza nthawi yaitali. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Anapeza waya wina atasupuka, akukhudza chitsulo. Anandionetsanso wina wobiriwira wa mizere yachikasu, amene woika makinawo anangomupinda n'kumusiya akulendewera. Anati ameneyo ndi njira ya magetsi osochera. Akasochera amafuna polowera pansi, ndipo akasowa njira amadzera mwa munthu. Ndinati ndamva, ngakhale mbuzi ukaitsekera njira ya kukhola imadzera m'munda mwa eni ake.

Anakoka waya watsopano m'paipi kuchokera pabokosi lalikulu, wa makinawo okha, poti kale ankadyera limodzi ndi simbi zositira. Pakhoma pafupi ndi Galuyo anaika swichi yovindikira kuti mvula isalowe. Waya wobiriwira uja anamumanga pabawuti ya chibokosicho n'kumubweza kubokosi lalikulu. Kumenekonso anapeza kuti chitsulo chakale cholowa m'nthaka chinadyeka dzimbiri, ndiye panafunika kukhoma chatsopano, chokutidwa ndi mkuwa, chachitali kundifika paphewa.

Apa ndiye panali ntchito yanga. Nthaka yake ndi ya zidutswa za simenti, ndipo nyundo imene tinabwereka ndi yoswera mtedza. Chitsulo chinkangonjanja. Matelala anasuzumira pawindo n'kumafunsa ngati agogo akubzala chitsulo kuti chibereke masingano. Ndinawayankha kuti chikabereka asadzapemphe mbewu. Ndinachisunthira pang'ono pamalo pamene pamadontha madzi a padenga, ndinakhoma mpaka mapewa anawawa, chinalowa chonse. Mwanayu anamangapo waya, n'kuyeza ndi kachipangizo kake, n'kumwetulira.

Atayatsa, Galu anayamba kung'ung'udza, ndipo m'nyumba munalowa kamphepo ngati ka m'mamawa. Mwanayu anayezanso chibokosicho n'kunena kuti chilibe vuto. Koma mayi mwini malo, ali chapatali, anati manambala iwo sawadziwa, galu amadziwika ukamugwira. Mwanayu ankati agwire yekha, ine ndinamuletsa, poti anthu akanati amisiri ali ndi mankhwala awo. Ndinamuyang'ana m'maso, iye anagwedeza mutu movomereza. Ndinaika dzanja. Ndinaikanso linzake. Kenako ndinavula chipewa n'kumuveka Galuyo.

Telala wina anakuwa kuti khungu la nkhalamba ndi chikopa, mano sangalowe. Pamenepo mayi wolumidwa uja anabwera, anagunda ndi chala chimodzi, kenako anachimenya khofi chibokosicho kuti abweze. Phokoso lake, Achimwene! Makina osokera onse anaima. Mayi mwini malo anamugwira dzanja mwana wanu n'kumutchula kuti amisiri, anthu onse akumva. Ntchito ya nyumba yonse wapatsidwa, ndipo wogulitsa mankhwala wapafupi wamuitana kale.

Pempho langa ndi limodzi. Nditumizireni nyundo yanga yaikulu, ili kuseri kwa chitseko cha nyumba yanga kumudziko. Amisiri andilemba ntchito yokhoma zitsulo, ndipo sindifuna kuwachititsa manyazi ndi zobwereka.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali athu ndi adzukulu onse. Mwana wanu akupereka moni. Akuti mukadzafuna magetsi m'nyumba mwanu adzabwera yekha kudzaika, koma bondo lipoleretu, chifukwa wogwira makwerero mudzakhala inu.

Ndine mkulu wanu,
Bambo a Amisiri